Ndalephera mayeso a u-GP ku England ndipo tulo tandithawa: ndiuze ndani?

Funso

Ndine mayi wa ana awiri. Udokotala ndinaphunzira ku Blantyre, ndinagwirako ntchito zaka zingapo pachipatala cha boma, kenako ndinabwera ku England. Pano ndili m'chaka chachitatu cha maphunziro a u-GP (udokotala wa pachipatala chaching'ono cha m'dera), m'tauni ina ya kumpoto. Mayeso olemba a AKT ndinakhoza ulendo wachiwiri, koma a SCA, oyesa mmene munthu amaonera odwala, ndalephera mwezi wathawu. Chilandirireni zotsatira sindikugona. M'mawa ndimayamba ndalira m'galimoto ndisanalowe ku surgery, chipatala cha ma GP kumene ndikugwira ntchito, ndipo portfolio yanga, momwe ndimalemba zimene ndikuphunzira, yaima. Supervisor wanga akandifunsa ndimangoti ndili bwino, chifukwa ndikuopa kuti ndikaulula andinenera ku GMC, bungwe loyang'anira madokotala kuno, ntchito ithe, visa ithe. Kumudzi sakudziwa kanthu. Bambo a kunyumba akuti ndilimbe mtima ndi kupemphera. Kodi lilipo thandizo loti munthu n'kulandira osadziwonongera mbiri?

Yankho

Adokotala, mng'ono wanga,

Thandizo lilipo, lambiri mwa ilo ndi laulere, ndipo inu mukufa ndi ludzu miyendo ili m'madzi. Koma ndisanakulozereni makomo ogogoda, ndiyambe ndi chiganizo chimene chandiimitsa m'kalata yanu, chija mwati supervisor akakufunsani mumayankha kuti muli bwino. Ine ndakhala GP kuno zaka zambiri, ndipo zina mwa zakazo ndakhala tsidya linalo la tebulo, ndikuphunzitsa ma trainee ngati inu. Olephera SCA ulendo woyamba ndawaona ambiri, ndipo ochuluka a iwo lero ali ndi zipinda zawo, dzina lili pachitseko. Amene ndinawaona akugwa osadzukanso ndi aja ankangoti ali bwino mpaka tsiku limene zinthu zinaphulika zokha.

Ndikudziwa kumene yankho limenelo munalitola, chifukwa nanenso ndinalitola komweko. Kwathu udokotala umauphunzirira pa wodi yodzaza mpaka pansi, umachezera usiku wonse n'kupitiriza tsiku lotsatira, ndipo ukati watopa akuluakulu amakuyang'ana ngati wawatukwana. Kupirira ndiye kunali chizindikiro cha dokotala weniweni. Kunatithandiza, sindikukana. Koma kuno khalidwe lomwelo amaliwerenga mwina. Pa maluso 13 amene RCGP, koleji ya ma GP, imafuna kuti trainee aonetse asanamalize, loyambirira penipeni ndi lokhudza kuyenera kwa munthu pa ntchitoyi, ndipo m'kati mwake muli zoti dokotala azizindikira pamene thanzi lake layamba kusokoneza ntchito, n'kufunafuna thandizo. Pa ARCP, msonkhano uja wapachaka wounika mmene mukuyendera, liwu limene limamveka kawirikawiri ndi lakuti insight, kutanthauza kudziona wekha mmene ulili. Trainee wolephera mayeso amene wapita yekha kukanena kuti zinthu zavuta amati ali nayo. Wolephera n'kukhala duu, portfolio ili chiimire, amati alibe, ndipo ameneyu ndiye amawaopsa.

Za GMC, mantha anu akula kuposa chilombocho. GMC imalowerera pamene odwala ali pachiopsezo kapena pamene dokotala wachita zachinyengo. Dokotala wa nkhawa kapena wa matenda a maganizo amene wapita kukalandira thandizo, ndipo akutsatira malangizo a omuthandizawo, alibe mlandu kumeneko. Malamulo awo omwewo amati dokotala akhale ndi GP wakewake ndipo asamadzichize yekha. Chimene chimawafikitsa anzathu kumeneko ndi zimene munthu amachita pofuna kubisa. Nditchule chimene chili pafupi kwambiri ndi inu pakali pano. Kwathu tinazolowera kuti ukadwala umangodutsa ku pharmacy, n'kuuza mnzako kuti akupatseko mankhwala akutiakuti. Kuno, ukafika sabata yachitatu osagona, maganizo amabwera oti ndingodzilembera mankhwala ogonetsa, zopiclone kapena diazepam, a masiku ochepa, kapena ndipemphe mnzanga andilembere. Musayerekeze. Kapepala kamodzi kameneko kangakufikitseni ku GMC msanga kuposa kulephera SCA katatu. N'chimodzimodzi kulemba mu portfolio zimene simunachite pofuna kutseka mipata, komanso vinyo wa madzulo amene amayamba ndi tambula imodzi yoitanira tulo.

Ndiye khomo loyamba ndi GP wanu, pa surgery ina osati pamene mukugwira ntchito. Ngati simunalembetse, lembetsani sabata ino. Mukakalowa m'chipindamo mukakhale wodwala. Chikwama cha udokotala chisiyeni m'galimoto, musakayambe ndi kumuuza mnzanuyo dzina la matenda anu. Mayi wa ana awiri wotopa chotere, ine ndingafune kuona kuchuluka kwa magazi (Hb ndi ferritin), chithokomiro ndi vitamin D. Za vitamin D musaziderere. Kumpoto kumene muliko, mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, ndipo NHS, bungwe la boma la zaumoyo, imalangiza anthu a khungu ngati lathu kumwa ma microgram 10 tsiku lililonse chaka chonse. Sindikuti misozi yanu ikuchokera pamenepo, koma munthu wochepa magazi sapirira zimene akanapirira. Ngati mukufunika kupuma, masiku 7 oyamba mumadzilembera nokha, kupitirira apo GP amakupatsani fit note, kalata yopumira kuntchito, yomwe ija inu mumalembera ena tsiku ndi tsiku.

Khomo lachiwiri ndikufuna mulidziwe bwino, chifukwa analitsegulira mantha enieni muli nawowa. Mu 2000 dokotala wina wa matenda a maganizo ku London, Daksha Emson, anadzipha. Ofufuza imfa yake anapeza kuti matenda ake ankawabisa kuntchito poopa kusalidwa ndi kuwonongeka kwa tsogolo lake. Nkhani imeneyo ndi imodzi mwa zimene zinachititsa kuti mu 2008 akhazikitse ku London malo apadera ochizira madokotala, motsogozedwa ndi Clare Gerada, yemwenso ndi GP. Mu 2017 ntchitoyi inafikira ma GP ndi ma trainee awo mu England monse, ndipo lero imatchedwa NHS Practitioner Health. Simulipira kanthu. Simudzera kwa supervisor, kwa TPD (mkulu wa pulogalamu yanu ya maphunziro) kapena kwa GP wanu. Mumadzilembetsa nokha pa intaneti, paja wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Zimene mwakambirana sizipita kwa abwana anu kapena ku deanery, ofesi yoyang'anira maphunziro a madokotala m'dera, pokhapokha moyo wanu kapena wa odwala utakhala pangozi yeniyeni, ndipo ngakhale zitatero amayesetsa kuyamba akambirana nanu. Okuonani kumeneko ndi madokotala, anamwino ndi aphungu amene ntchito yawo ya tsiku lililonse ndi kuchiza ogwira ntchito zachipatala anzawo. Nkhani ya dokotala wolira m'galimoto pamalo oimika magalimoto a surgery anaimva kambirimbiri, sangadzidzimuke nayo.

Pano ndikufunseni funso limene inu mumafunsa odwala anu. M'galimoto muja, kapena pakati pa usiku, kodi anakubwereranipo maganizo oti bola kungofa, kapena oti anawa angakhale bwino popanda inu? Ngati anabwerapo, musadikire fomu ya pa intaneti. A Samaritans amayankha pa 116 123, usana ndi usiku, kwaulere. BMA, bungwe loimira madokotala, ili ndi aphungu pa 0330 123 1245, nthawi iliyonse, ndipo kuti muimbe simufunika kukhala membala. Zikafika poti simukudzikhulupirira kuti mufika m'mawa, ndi 999 kapena A&E, chipinda cha matenda adzidzidzi. Ndipo bambo a kunyumba auzeni mawu ake enieni, osazungulira.

Khomo lachitatu lili kumbali ya maphunziro. Ma deanery ali ndi nthambi imene ena amaitcha Professional Support and Wellbeing (PSW), ena Professional Support Unit. Musaisokoneze ndi Practitioner Health: uko amakuchizani, kuno amakuthandizani kuti mumalize maphunziro. M'madera ena mumadzitumiza nokha, kwina mumadzera kwa supervisor kapena TPD. Ma trainee ambiri ochokera kwathu akamva kuti awatumiza kumeneko amaona ngati aitanidwa ku ofesi ya ahedi. Chonsecho kumeneko n'kumene kuli munthu wokhala nanu pansi n'kuunika kaphunziridwe kanu, katswiri womvetsera kalankhulidwe kanu ndi odwala, maphunziro apadera a olephera mayeso, komanso mwayi woyezedwa dyslexia. Pa dyslexia ndiimepo pang'ono. Kwathu palibe ankatiyeza. Mwana wanzeru wovutika kuwerenga msanga ankangowonjezera maola pa nyali, n'kukhoza ndithu mpaka ku College of Medicine. Vutolo limadzaonekera kuno, pa mayeso othamangitsana ndi wotchi m'chilankhulo chachiwiri. Poti AKT inakuvutani ulendo woyamba, funsani za kuyezedwa. Akalipeza, lamulo la Equality Act la 2010 limakupatsani ufulu wopempha kuti zina zisinthidwe, monga kuwonjezeredwa nthawi pa mayeso.

Tsopano mayeso ajawo. Mukuwadziwa kale: odwala 12 ongoyerekezera, aliyense mphindi 12, pa kompyuta, ndipo amakupimani pa kufufuza vuto, pa chochita nalo, ndi pa mmene mukukhalira ndi munthuyo. Pamodzi ndi zotsatira munalandira ndemanga zosonyeza pamene munaterereka. Ambiri amaziwerenga kamodzi, mtima n'kuwawa, n'kutseka. Zitseguleninso, koma supervisor ali pambali. Munthu amene anaonapo malungo a mu ubongo, TB ya msana ndi mayi wotaya magazi pakati pa usiku popanda wamkulu womufunsa, kawirikawiri sagwa chifukwa choperewera nzeru za udokotala. N'zoona kuti pali za kuno zofunika kuzidziwa, malangizo a kachizidwe a NICE, malamulo a DVLA a zoyendetsa galimoto, nthawi yoitana a safeguarding oteteza ana ndi anthu osatha kudziteteza, ndipo zimenezo n'zoloweza. Koma zimene ndimaona mobwerezabwereza kwa ife ochokera kunja ndi wotchi ndi khutu.

Za wotchi n'zachidule. Tinaphunzitsidwa kufunsa mbiri ya matenda kuyambira kumutu mpaka kuphazi, ndiye mphindi 9 zimatha tikufunsabe, n'kutsala zitatu zoti tinene chochita, pomwe mbali ya chochitayo ndi imene imalemera kwambiri pa malikisi. Ikamakwana mphindi ya 6 kapena ya 7 muzikhala mutawoloka.

Khutu ndiye nkhani. Ndinakhalapo ndi trainee wina, dokotala wakhama zedi, tikuonera vidiyo ya mmene anathandizira mayi wina wodandaula mutu. Pa mphindi yachiwiri mayiyo anayang'ana pansi n'kunena motsitsa mawu kuti mkulu wake nayenso anayamba chonchi. Trainee uja, maso ali pa kiyibodi, anafunsa kuti, "Mumasuta?" Ndinaimitsa vidiyo, n'kubweza m'mbuyo, tinamveranso. Ulendo wachitatu m'pamene anagwira pakamwa. Mkulu wake wa mayiyo anamwalira ndi chotupa cha mu ubongo, ndipo n'chimene chinamudzutsa kubwera kuchipatala. Mutuwo unali tikiti yolowera basi. Chakumapeto trainee anafunsa ndithu mafunso atatu aja timaphunzira pa kosi, oti mukuganiza kuti n'chiyani, mukuopa chiyani, mukuyembekezera chiyani. Koma anawalakatula ngati ndakatulo ya ku pulayimale, mayiyo atatseka kale mtima n'kuyamba kufunafuna makiyi m'chikwama. Oyesa mayeso amamva kusiyana kwa funso lolakatula ndi funso lochokera pa zimene wodwala wangonena kumene.

Luso limeneli musaliyese lachizungu. Ku OPD kwathu gogo akabwera ndi mtima wothamanga, clinical officer wodziwa ntchito amadziwa kuti pansi pake pali nkhani ya mdzukulu, kapena ya malire a munda, kapena mantha oti wina wamuchita chipongwe, ndipo amafunsa kuti, "Agogo, inuyo mukuona ngati chavuta n'chiyani?" Mzere wautali wa panja uja ndi umene unatiphunzitsa kusafunsa, poopa kuti tikatsegula nkhani dzuwa litilowera. Khutulo muli nalo, linangogonekedwa.

Chilankhulo nachonso chili ndi misampha yake, ngakhale kwa ife amene tinakhoza Chingerezi ndi ma distinction. Chaka changa choyamba ndinauza bambo wina wachikulire wa shuga kuti piritsi lina azimwa pa dinner, ine ndikutanthauza chakudya chamadzulo. Kumpoto kuno anthu ambiri dinner amanena nkhomaliro, chamadzulo amati tea. Bamboyo anamvera bwinobwino n'kumamwa masana. Tinadzazindikira patapita milungu, mwamwayi popanda choopsa. Kuyambira pamenepo nkhomaliro ndinasiya kudyera pa desiki, ndinkadyera kumene amadyera ma receptionist, ndipo Chingerezi chenicheni cha odwala anga ndinachiphunzira kumeneko, pakati pa nkhani za mpira ndi za pa TV. Chimodzimodzinso gulu lanu lokonzekera mayeso. Likakhala la ife okhaokha a ku Malawi, Nigeria ndi Pakistan, mumalimbitsana mitima, inde, koma mumakhululukirananso zolakwa zofanana osazimva n'komwe. Kokeranimo mmodzi wophunzira konkuno.

Mwina mumtima mukuti mayesowa ali ndi tsankho. Si nkhambakamwa. Mu 2013 Aneez Esmail, pulofesa wa ku Manchester, anaunika zotsatira za mayeso a nthawi imeneyo, a CSA, n'kupeza kuti ophunzira kunja ankalephera kwambiri kuposa azungu ophunzira konkuno, ndiponso kuti ngakhale akuda ndi amwenye ophunzira konkuno ankalepherabe kuposa anzawo achizungu. Bungwe la madokotala ochokera ku India, BAPIO, linatengera RCGP kukhoti. Mu 2014 khoti linagamula kuti mayesowo saphwanya lamulo, koma woweruza ananena kuti nthawi yakwana yoti kolejiyo ichitepo kanthu. CSA inachoka mu 2020 nthawi ya Covid, kunabwera RCA, kenako SCA mu Novembala 2023, koma mpata uja sunatsekeke. Mmene ndimaonera ine, gawo lina ndi chilankhulo ndi chikhalidwe, gawo lina ndi loti ochokera kunja nthawi zambiri amapezeka m'matauni akutali opanda mbale ngakhale mmodzi, ndipo gawo lina ndi tsankho lenileni limene anthu ena safuna kulitchula dzina. Ndakuuzani izi kuti musadziyese chitsiru. Komanso chifukwa cha phokoso limeneli ma deanery ali ndi mapulogalamu othandiza ochokera kunja, amene pano ndi pafupifupi theka la ma trainee a u-GP. Mukakapempha, mukupempha gawo lanu.

Chimene ndingakuletseni ndi kuthamangira kulembetsa mayeso otsatira chifukwa cha manyazi. Ulendo umodzi wa SCA umadya ndalama zoposa £1,000, ndipo maulendowo ali ndi malire. Munthu wosagona akalowanso m'mayeso omwewo ndi zizolowezi zomwezo amangogula zotsatira zomwezo. Tsiku loyesanso mugwirizane ndi supervisor, mutayamba kugona ndipo mavidiyo anu atayamba kusintha. Malisiti a mayeso sungani, chifukwa trainee amatha kupempha ku HMRC, ofesi ya misonkho, kuti amubwezereko msonkho pa ndalama zimenezi.

Kenako yang'anani sabata yanu mmene ikuyendera. Ya trainee pa surgery ndi maola 40: maola 28 a ntchito ya odwala, maola 12 a maphunziro, ogawidwa pakati pa tutorial ya pa surgery, maphunziro a pamodzi ndi ma trainee anzanu, ndi kuwerenga panokha. Ife ochokera kunja tili ndi nthenda yothokoza. Tutorial ikadyedwa chifukwa madokotala achepa, timati palibe vuto. Akatiwonjezera odwala, timati zikomo. Timatuluka 7 koloko usiku tikumaliza makalata ndi zotsatira za magazi, osauza munthu. Maola 12 aja si mphatso, ali mu mgwirizano wa ntchito, ndipo chiyambire mgwirizano wa 2016 pali njira yolembera maola opitirira, exception report, ndi munthu woyang'anira zimenezi wotchedwa Guardian of Safe Working. Mungathenso kupempha kuti kwa milungu ingapo wodwala aliyense muzimuona mphindi 20, ndiponso kuti kamodzi pa sabata supervisor azikhala nanu m'chipinda mukuona odwala. Trainer wabwino savuta pa zimenezi. Ngati wanuyo ndi amene ali gwero la vuto, poti alipo otero, mukhoza kumudumpha n'kupita kwa TPD.

Portfolio yaimayo ndi imene ikundidetsa nkhawa kuposa mayeso, chifukwa gulu la ARCP silikuonani nkhope, limaona zimene zili pa FourteenFish, tsamba la pa intaneti losungira portfolio. Musadikire usiku umodzi woti mulembe nkhani khumi, madeti amaoneka. Yambani ndi imodzi, ndipo ikhale ya SCA yomweyi: zimene ndemanga zinanena, zimene mwaona pa vidiyo, zimene mwakonza kuchita, amene mwawapempha thandizo. Nkhani imodzi imeneyo idzakuyankhulirani kuposa zina zonse. Ife timakonda kulemba ngati tikupereka wodwala pa ward round, mbiri, zopeza, mankhwala, basi. Iwo akufuna kumva chimene chinakuvutani ndi chimene mudzachite mosiyana. Ndikudziwanso kuti chichitikireni nkhani ya Hadiza Bawa-Garba, dokotala wa ana amene anachotsedwa m'kaundula wa madokotala mu Januwale 2018 n'kupambana apilo mu Ogasiti chaka chomwecho, madokotala ambiri akuda amaopa kulemba zolakwa zawo. Lembani mosatchula chilichonse chozindikiritsa wodwala, mutsindike pa zimene mwaphunzira. Za matenda anu simukakamizidwa kulemba tsatanetsatane. Kunena kuti mwaonana ndi dokotala ndipo mukulandira thandizo n'kokwanira.

Nanga nthawi ikatha SCA musanakhoze? Zimene zimachitika kawirikawiri pa ARCP ndi Outcome 3, kutanthauza kuwonjezeredwa nthawi ya maphunziro, imene nthawi zambiri imayambira pa miyezi 6. Malipiro amapitirira. Outcome 4, yochotsedwa pa maphunziro, siigwa ngati mphezi. Imabwera mipata yowonjezera itatha, ndipo gululo limayang'ana ngati munthu anagwiritsa ntchito thandizo limene anapatsidwa. Tchuthi cha matenda chovomerezeka sichithetsa visa, kungoti masiku osakhala pa maphunziro akapitirira 14 pachaka, tsiku lomaliza limatha kusunthidwa. Tsikulo likasuntha, dziwitsani msanga ofesi ya NHS England yoona za sponsorship kuti mapepala a visa atsatire. Palinso mwayi wochepetsa masiku, mwachitsanzo kugwira 80 peresenti, umene chiyambire 2022 ku England ndi wotseguka kwa aliyense wokhala ndi chifukwa chomveka. Tsiku limodzi pa sabata lopuma lapulumutsa amayi ambiri amene ndawaphunzitsa. Koma inu muli pa visa, ndiye musanasaine funsani ngati malipiro otsalawo akukwanirabe mlingo umene Home Office, unduna woona za visa, imafuna, ndipo poti malamulo a visa amasinthasintha, yankholo likhale lolembedwa.

Ndibwere kunyumba. Bambo akamati mulimbe mtima ndi kupemphera, ndikukhulupirira akunena mwachikondi, ndipo ndi mankhwala okhawo amene akuwadziwa. Nanenso ndimapemphera. Koma mayi wa BP akakuuzani kuti wasiya amlodipine chifukwa akusala kudya, inu mumamuuza chiyani? Pempherani, ndipo mupitenso kwa dokotala. Bambowo apatseni ntchito yogwirika, poti amuna ambiri akasowa chochita amathawira ku malangizo: atenge ana Loweruka m'mawa, akhale ndi foni yanu usiku, ayankhe ndiwo mauthenga a kumudzi mwezi uno.

Za kumudzizo ndi katundu amene anzanu obadwira kuno sasenza, ndipo supervisor wanu sangamudziwe mukapanda kumuuza. Fizi ya mwana wa achimwene, feteleza, denga la amayi, matenda, maliro, zonse zimagogoda pa WhatsApp yanu, chifukwa kwa iwo ndinu adokotala a ku UK, ndipo dokotala wa ku UK salephera mayeso, sasowa ndalama. Simukakamizidwa kulengeza pa gulu la banja. Sankhani munthu mmodzi wosunga chinsinsi, mkulu wanu kapena azakhali, mumuuze zoona, kuti akhale chishango chanu kumeneko. Ndipo kunena kuti miyezi itatu ikubwerayi nditumiza zochepa chifukwa ndili ndi mayeso olipira si kutaya abale. Ine ndinachedwa kuphunzira zimenezi, ndinkatumiza mpaka ya lendi.

Chinanso chimene ndinachedwa kuchidziwa ndi magulu a Balint. Anawayambitsa ku London m'zaka za m'ma 1950 ndi Michael Balint, dokotala wochokera ku Hungary. Madokotala ochepa amakhala mozungulira, mmodzi n'kufotokoza za wodwala amene wamukhala pamtima, popanda mafayilo, popanda wogoletsa malikisi. Mapulogalamu ena a u-GP ali nawo. Ulendo woyamba ndinkangoona ngati kutaya nthawi kwa azungu, mpaka dokotala wina wa imvi, amene ndinkamuona ngati mwala, anafotokoza mmene ankaopera dzina la wodwala wina likaoneka pa ndandanda ya tsikulo. Funsani TPD ngati gulu lotere lilipo kwanuko.

Supervisor mulembereni lero, musadikire kuti akufunseninso m'khonde. Mizere itatu ikwana: kuti zotsatira za SCA zakukhudzani kuposa mmene munaonetsera, kuti simukugona ndipo mwayamba kufuna thandizo la dokotala, ndi kuti mukupempha theka la ola sabata ino, chitseko chotseka, kuti mukambirane za PSW, za nthawi yoonera odwala ndi za portfolio. Mwina pokambiranapo adzatchula occupational health. Musanjenjemere, amenewo amalangiza olemba ntchito zoyenera kukusinthirani, ndipo lipoti lawo muli ndi ufulu woliona lisanatumizidwe. Mukaona kuti mawu adzakuthawani, masulirani kalata yomwe mwandilemberayi m'Chingerezi n'kuisindikiza, muchotse za visa ngati mukufuna, mukamupatse awerenge inu mutakhala pompo.

Koma fomu ya Practitioner Health iyambe ndiyo, usiku uno ana akagona. Poika imelo ndi nambala ya foni, ikani zanuzanu, osati za ku surgery.